ZA PAMSEWU: Utoto suchiza dzimbiri

Nyengo yokolola ikafika m'boma la Milange, nkhani imene imakhala pakamwa pa aliyense ndi ya mayendedwe. Chimanga, nandolo, nyemba ndi fodya zimadikira m'midzi ya ku Majaua ndi ku Mongue, pamene ogula ali pa tauni ya Milange kapena kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Njinga zimayesetsa ndithu, koma njinga siingasenze matumba 20. N'chifukwa chake munthu akapeza tindalama, kaya wagulitsa mbewu kaya wabwera nato kuchokera ku Joni, maso ake amagwera pa galimoto yakale imene yagona zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa garaja, nayamba kuwerengera kuti akaidzutsa izimudyetsa pamodzi ndi ana.

Maganizo otere si oipa ayi. Pakati pa magalimoto ogona chonchi, mbali zonse ziwiri za malire, sipalephera kupezeka Land Rover ya ku Mangalande. Magalimoto amenewa ndiwo ankayendera azungu a minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, ansembe a m'mamishoni ndiponso akuluakulu a boma. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, mabungwe othandiza anthu amene ankabwerera kwawo kuchokera ku misasa ya ku Malawi anayenderanso magalimoto a mtundu wotere, pakuti misewu inali itaonongeka. Chiwongolero chake chili kumanja, ndipo zimenezi n'zoyenera chifukwa ku Mozambique ndi ku Malawi komwe magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu.

Vuto limagona pa poyambira ntchito. Ambiri akagula galimoto yotere amathamangira kuliza injini, kenaka kugula penti, pakuti izi ndizo anthu amamva ndi kuona. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pa galimoto nyererezo ndi dzimbiri, ndipo limayambira pansi, kumene diso silifika.

Ku Mangalande komweko kuli anthu ambiri amene amadzutsa magalimoto akale n'kumawayendera tsiku ndi tsiku, ndipo zimene iwo anaphunzira movutika zingathandize kuno. Imodzi mwa galimoto zimene amakonda kudzutsa ndi MGB, kagalimoto kaliwiro kamene kankapangidwa pa fakitale ya ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980. Anapanga oposa 500,000, ambiri a mipando iwiri ndi denga lansalu lopinda. Kagalimotoka kalibe chasisi. Bodi yokhayo ndiyo imasenza injini, anthu ndi katundu, ndipo mphamvu yake ili m'zitsulo ziwiri zonga mabokosi aatali, pansi pa zitseko. Madzi ndi matope zikalowa m'mabokosimo, pamodzi ndi mchere umene amathira m'misewu ya kumeneko nyengo yachisanu, dzimbiri limadya kuchokera m'kati pamene kunja kukunyezimirabe. Mapeto ake galimoto imawerama pakati, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Matendawa anafala kwambiri mwakuti mu 1988 kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanga mabodi atsopano a MGB, kuti mwini wake angosamutsira injini ndi ziwalo zina m'bodi yanyuwani.

Kagalimoto kotere sikangapite patali pa misewu ya m'midzi ya kuno, pakuti mimba yake imatalikira nthaka ndi masentimita pafupifupi 13 okha. Koma phunziro lake ndi la galimoto iliyonse: chimene chimasenza katundu ndicho chiyenera kuonedwa poyamba.

Land Rover yakale ndiye imanyenga koposa apa. Pamene inayamba kupangidwa ku Solihull mu 1948, chitsulo chinali chosowa ku Mangalande kaamba ka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, choncho bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri lofiira lija. Galimoto ya zaka 50 ikhoza kuoneka yathanzi kunja. Komatu chasisi yake ndi yachitsulo, yopangidwa ngati mabokosi aatali amphako. Chachitsulonso ndi chipupa chimene chimalekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, pamene anamangirirapo zopondera buleki ndi kilatchi. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, monga pa mabauti ndi m'munsi mwa zitseko, pamatuluka ufa woyera ndipo pamabooka.

Dzimbiri limafuna zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya. Mchere umalifulumizitsa. Tsono dera la m'munsi mwa phiri la Tumbine limalandira mvula yambiri, ndipo matope akalowa m'mphako za chasisi amakhala onyowa miyezi yambiri ngakhale kunja kutauma. Feteleza wotayika m'matumba naye amadya chitsulo ngati mchere. Galimoto imene inakhala nthawi yaitali ku Quelimane kapena ku Beira inapumanso mphepo yamchere ya kunyanja. Imene inamira m'madzi ndi m'matope a namondwe wa Freddy mu March 2023 ikhoza kukhala kuti matopewo akadali m'kati mpaka lero.

Choncho wogula asamafulumire kutulutsa ndalama. Ayambe wapempha kuti galimoto itsukidwe pansi, kenaka alowe pansipo masana dzuwa likuwala, atatenga hamala ndi sikuludiraiva. Chitsulo chabwino chikamenyedwa chimalira mokweza ngati khasu latsopano. Chowola chimalira mogonthera n'kumagwetsa makoko ofiira, ndipo sikuludiraiva imalowa ngati m'papaya. Malo oyenera kugogoda kwambiri ndi chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwenikweni, mikono ya m'mbali imene imanyamula bodi, pamene masipuling'i amangidwira, nyanga ziwiri za kutsogolo, ndi pansi pamene dalaivala ndi mnzake amaika mapazi. Pa galimoto ya bodi yachitsulo, maginito a m'sipika ya wailesi yakufa amathandiza: pamene akukana kugwira, pamenepo anamatapo fila kuti abise bowo. Wogulitsa amene wapaka phula lakuda lanyuwani pansi pa galimoto, kapena amene akukana kuti munthu agogode, wanena kale zimene zili pansipo.

Dzimbiri likapezeka, mankhwala ake ndi kudula. Mbali yonse yowola ichotsedwe mpaka pamene chitsulo chikuoneka choyera ndi chochindikala bwino, kenaka awotchererepo chigamba cha chitsulo chochindikala chimodzimodzi. Pa chasisi ya Land Rover yakale chitsulocho ndi cha mamilimita pafupifupi 2. Malata a denga kapena chitsulo cha mgolo wa mafuta sizingagwire ntchito pamalo osenza katundu. Kuphimba bowo ndi chigamba pamwamba pa dzimbiri n'chimodzimodzi kumanga nsalu pa chilonda chosatsuka, pakuti madzi amakhala pakati pa zitsulo ziwirizo n'kudya zonse. Owotcherera aonetsetsenso kuti chasisi yachirikizidwa bwino asanadule, kuti isapindike. Ikapindika ngakhale pang'ono, galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu ndipo matayala amatha msanga.

Ntchito yowotchererayi ili ndi zoopsa zake. Pa Land Rover zambiri zakale thanki ya mafuta ili pansi pa mpando. Ichotsedwe n'kuikidwa patali moto usanayatsidwe, ndipo thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza chifukwa mpweya wa petulo wotsalira m'kati umaphulika. Batire lichotsedwenso. Akatha kuwotcherera apale ndi burashi ya waya, apake penti woyambira amene amati red oxide, kenaka wakuda pamwamba. M'kati mwa mphako athiremo mafuta oteteza, ndipo timabowo totulukira madzi tisatsekedwe.

Chasisi ikalimba, ntchito yachiwiri ndi mabuleki, ndipo apa mpamene pali miyoyo ya anthu. Mapaipi a buleki ndi achitsulo, amachitanso dzimbiri. Mipira ya m'kati ndi mapaipi amphira zimauma galimoto ikakhala osayenda. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Choopsa kwambiri n'chakuti magalimoto ambiri akale ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a buleki yopita ku matayala onse anayi, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika pa mtsetse, mabuleki onse amathera pomwepo. Buleki yapamanja ya Land Rover imagwira kuseri kwa giyabokosi, osati pa matayala, ndipo inapangidwira kuimika galimoto imene yaima kale. Mwini wanzeru amasintha mapaipi ndi mipira yonse, ngakhale imene ikuoneka yabwino. Matayala nawo amakalamba ngakhale mano ake asanathe. Pa tayala lopangidwa kuyambira chaka cha 2000 pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2015.

Injini ibwere pambuyo pa zonsezi, ndipo nayo imafuna kudekha. Imene yagona zaka isalizidwe mwadzidzidzi. Makaniko achotse mapulagi, athire oyilo pang'ono m'mabowomo, aizunguze ndi dzanja, asinthe oyilo ndi sefa, atsukenso thanki ndi rediyeta. Adziwenso kuti petulo wa masiku ano ndi wosiyana ndi amene injinizi zinapangidwira. Petulo wokhala ndi mtovu, amene ankateteza mavalavu, analekeka m'maiko a kuno pofika 2006. Petulo wa ku Malawi, amene anthu a m'malire amagulanso, amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amadya mapaipi amphira akale. Paipi ya petulo yodontha pafupi ndi injini yotentha ndi moto, choncho isinthidwe.

Pali tinthu tinanso timene timasokoneza amakaniko ozolowera magalimoto a ku Japan. Mabauti ambiri a magalimoto akale a ku Mangalande amayezedwa ndi mainchesi, ndipo sipanala ya mamilimita imaterera n'kuwononga mutu wa bauti. Pa Land Rover ndi MGB zopangidwa isanafike 1967, waya wa + wa batire ndiwo unkalumikizidwa ku bodi, mosiyana ndi masiku ano. Wolumikiza wailesi kapena chotchajira foni osafunsa amaziwotcha nthawi yomweyo. Paja safunsa anadya phula.

Mapepala asaiwalike. Nambala ya chasisi iyenera kufanana ndi imene ili pa livrete. Pa Land Rover zambiri zakale nambalayi inadindidwa kutsogolo kwa chasisi, mbali ya kumanja, pafupi ndi pomangira sipuling'i, malo amenenso dzimbiri limakonda. Wowotcherera akadula pamenepo n'kutaya chidutswacho, mwini wake adzavutika kutsimikizira apolisi kuti galimoto si yakuba. Yogulidwa kutsidya kwa Muloza idutse ku Alfândega monga mwa lamulo, ndipo amene waikamo injini ina, monga ya dizilo ya ku Japan, akalembetse kusinthako.

Tsono ntchito isanayambe, mwini wake akhale pansi ndi pensulo. Land Rover ya injini ya petulo ya malita 2.25 imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita imodzi pa msewu wabwino. Kuchokera pa Milange kufika ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 200, ndiye kuti malita ngati 30 popita pokha. Pa msewu watala umenewu singapikisane ndi ma chapa kapena malole. Phindu lake lili m'misewu yafumbi ndi yamatope yolowa m'midzi, kumene magalimoto ena amaopa. Awerengerenso kuti zipangizo zina zidzafunika kukasakidwa ku Limbe kapena kuitanitsidwa ku Joni, ndipo galimoto idzaima masiku podikira. Ngati dzimbiri ladya chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, nzeru ndi kufuna chasisi ina yabwino kapena kugula galimotoyo pa mtengo wa zipangizo basi. Ndalama za chimanga cha zaka ziwiri zikhoza kuthera pa galimoto imene sidzatuluka pa garaja.

Nkhaniyi ikukhudzanso amene alibe maganizo ogula galimoto, chifukwa okwera matola ndi iwowo: amayi opita ku chipatala ndi mwana kumsana, alimi okhala pamwamba pa matumba awo, ana a sukulu. Wokwera ali ndi ufulu woyang'ana asanalipire. Galimoto imene yapendekera mbali imodzi isanapakire katundu, imene dalaivala amapopa buleki kawiri kapena katatu kuti igwire, imene zitseko zake amamanga ndi chingwe chamatayala, kapena imene msewu ukuonekera pansi pa mapazi, ndi yoyenera kuisiya ipite, ngakhale itapakidwa penti dzulo ndi kulembedwa mawu okoma kumbuyo. Amfumu ndi akuluakulu a pa misika angathandize polankhula ndi eni magalimoto a m'dera lawo mvula isanayambe, pamene mitsetse ikadali youma.

Land Rover yakale yokonzedwa motsata ndondomeko, kuyambira chasisi, mabuleki, chiwongolero, matayala, injini, penti pomalizira, ikhoza kutumikira mudzi zaka zina zambiri. Mwini wake azingokumbukira kuitsuka pansi mvula ikatha, kusesa feteleza wotayika tsiku lomwelo, ndi kulowa pansi ndi hamala kamodzi pa chaka.