Mtovu pa mbaula ya phala

Mwezi wathawu ndinapita ku Senga Bay kukaona amalume. Ndisanakhale n'komwe pampando ndinamva kafungo kachilendo kochokera kuseri kwa nyumba, kokhala ngati chitsulo chikupsa. Nditazungulira ndinapeza msuweni wanga atanjuta pafupi ndi mbaula, foni ataiyedzamiritsa pa njerwa, kanema wa pa YouTube akusewera. Pamoto panali kachitini, ndipo mkati mwake munali madzi onyezimira ngati siliva.

"Aise, wafika nthawi yabwino," anatero osadzutsa mutu. "Taona fakitale yanga."

Amapanga majigi. Kwa inu amene simunawedzepo, jigi ndi mbedza yokhala ndi mutu wolemera wa mtovu pafupi ndi kabowo komangapo chingwe, ndipo kumchira kwake amamangirirako nthenga, ubweya kapena kalabala kofewa. Siifuna nyambo yeniyeni. Ukaiponya m'madzi imamira mutu uli pansi, ndiye umakoka chingwe pang'ono n'kuchisiya, kukoka n'kusiya, moti pansipo imaoneka ngati kansomba kovulala kakudumphadumpha. Nsomba zodya zinzake, ngati ncheni, zimaithamangira. Msuweni wangayu anatopa ndi kugula usipa wa nyambo tsiku lililonse, ndiye anati bandulo ya intaneti imugwirireko ntchito.

Makanema ambiri otere amachokera ku America, komwe awedzi amathira majigi awo m'magalaja, makamaka nyengo yozizira. Amagula chikombole cha aluminiyamu cha mbali ziwiri, chokhala ndi zogwirira zamatabwa, ngati zomwe imapanga kampani ya Do-It ya ku Iowa. Mbedza zake ndi zapadera, zopindika pafupi ndi kabowo ngati chilembo L, kuti jigi izikhala chopingasa m'madzi, nsonga italoza kumwamba. Amayamba atenthetsa chikombole, chifukwa chikakhala chozizira mtovu umauma usanadzaze mphako. Ena amachidutsitsa pa lawi la kandulo kuti chide ndi mwaye, mtovu uziyenda bwino. Akagoneka mbedza m'malo mwake amatseka, n'kuthira mtovu kamodzin'kamodzi osadukiza. Pakapita masekondi ochepa amatsekula, kudula kamchira kotsalira pothirirapo, kupala ndi tupa, kupenta, n'kumangirira nthenga ndi ulusi.

Mtovu amaukonda pa zifukwa ziwiri. Choyamba sufuna moto wambiri: umasungunuka pa madigiri 327, pomwe chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500. Mbaula ya makala ikwanitsa bwinobwino. Chachiwiri ndi wolemera. Kachidutswa ka mtovu kamalemera pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi kachitsulo kofanana nako kukula, choncho kajigi kakang'ono kamafika pansi msanga, mafunde asanakakokere kwina.

Msuweni wanga analibe chikombole cha ku Iowa. Anasema chake pa timatabwa tiwiri tolimba, n'kumatimanga pamodzi ndi waya. Nthenga anazula ku nkhanga, utoto wake unali kyutekisi wofiira wa mlamu wanga. Kunena zoona ndinachita naye kaso. Ine digiri yanga ili m'chikwatu, koma chikombole sindingaseme. Anandionetsanso chipsera pamkono. Tsiku lina anaiwala chikombole panja, chinagwa mame, ndipo atathiramo mtovu unathovokera m'mwamba. Dontho la madzi likakumana ndi mtovu wamoto limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka kuposa madziwo maulendo oposa 1,600. Mwayi wake unamugwera pamkono osati m'diso.

Madzulo tinadya nsima ya ncheni zomwe anagwira ndi majigi omwewo, ndipo nkhani ikanathera pomwepa ikanakhala yokoma. Koma m'mawa mwake ndinaona mlamu wanga akutenga mbaula yomwe ija, pamalo omwe aja, n'kuterekapo phala la mwana. Mwanayo, wa zaka ziwiri, anali pamchenga pambali pake akutolera timadontho ta mtovu tomwe tinagwa dzulo, towala ngati timikanda. Kamodzi kanali kale m'kamwa. Nditafunsa komwe mtovuwo umachokera, anandilozera pansi pa mtengo wa mango, pomwe panali batire yakale ya galimoto yong'ambidwa ndi nkhwangwa. Asidi wake anangomukhuthulira pansi.

Mtima wanga unangoti phwii, chifukwa nkhani ya mtovu ndinaiwerengapo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe tinganene kuti ndi wabwinobwino. Mwana akameza mtovu, thupi lake limauyamwa maulendo anayi kapena asanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umakaononga ubongo womwe ukukula. Zikatero sizibwereranso. Vuto lake n'lakuti nthawi zambiri mwana saoneka wodwala. Mwina adzangodandaula m'mimba, kudzimbidwa, kufooka kapena kuchepa magazi, zomwe tonse tingaganize kuti ndi njoka zam'mimba kapena malungo. Zenizeni zimadzaoneka ali ku sukulu, akulephera kugwira zomwe anzake akugwira, ife n'kumati ndi waulesi. Mtovu umabisalanso m'mafupa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala woyembekezera umabwerera m'magazi n'kufika kwa mwana wosabadwayo.

Za batire zinandiopsa kwambiri chifukwa cha zomwe zinachitika ku Senegal. Ku Thiaroye-sur-Mer, dera la m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Dakar, anthu ankaphwanya mabatire akale m'makomo mwawo kuti achotsemo mtovu. Pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 ana 18 anamwalira, ndipo madokotala atafufuza anapeza kuti mtovu unadzaza m'dothi ndi m'nyumba zomwe anawo ankasewera. Pafupi nafe pompano pali Kabwe, ku Zambia. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'madera oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi, chifukwa mtovu suola, umangokhala m'fumbi. Mu 2020 UNICEF ndi bungwe la Pure Earth anatulutsa lipoti lonena kuti mwana mmodzi mwa ana atatu aliwonse pa dziko lapansi, ana okwana mpaka 800 miliyoni, ali ndi mtovu m'magazi wofika pa mlingo wodetsa nkhawa. Kuphwanya mabatire mwachisawawa analitchula ngati limodzi mwa magwero akuluakulu.

Kudziwa n'kosavuta, kovuta n'kunena. Ndine mlendo pakhomopo, wam'tauni, woti ndikakwera bwato ndimagwira m'mbali ndi manja onse awiri. Msuweni wanga ndi wamkulu kwa ine, ndipo majigi aja ayamba kumubweretsera kangachepe, chifukwa anzake pa doko akumamugula. Ndinayamba mozungulira, koma amalume anandimva.

"Mphwanga," anatero akuseka, "ife mtovu takhala tikuuluma ndi mano pomanga zingwe iwe usanabadwe. Tafa?"

"Ayi amalume, simunafe, ndipo Mulungu akusungeni," ndinayankha. "Koma inu munayamba kuuluma muli aakulu kale. Uyu akuuyamwa asanadziwe n'kuyankhula komwe."

Panakhala kachete. Amene anathetsa nkhani ndi mlamu wanga. Anamunyamula mwana, kumupisa chala m'kamwa, n'kutulutsa kadontho kaja. Anakaika pachikhatho cha mwamuna wake osanena kanthu, n'kulowa m'nyumba.

Sindinamuuze msuweni wanga kuti asiye, chifukwa ndikudziwa kuti sakanandimvera, komanso sindinabwere ndi ntchito ina yoti ndimupatse. Tinakhala pansi n'kugwirizana zingapo, ndipo ngati nanunso mwaona makanema amenewa n'kuyamba kulakalaka, ndi zomwezi ndingakuuzeni.

Batire isiyeni. Ngakhale awedzi a ku America omwe amathira majigi zaka ndi zaka amachenjezana kuti mtovu wa m'batire si wogwira. Mkatimo muli asidi wootcha khungu ndi maso, muli phala la mtovu lomwe likauma limasanduka fumbi losavuta kupuma ndi kumeza, komanso zitsulo zina zapoizoni zosakanizidwa ndi mtovuwo. Batire yakutha ndi bwino kuigulitsa yathunthu, yosang'amba, kwa omwe amagula mabatire akale.

Ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi khitchini, chitsime ndi posewerera ana, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Mbaula, chitini ndi supuni zothirira zikhale za ntchito yomweyo basi, zisabwererenso ku zophikira ngakhale mutazikwecha bwanji. Pansi yalani lata kuti madontho onse atoleredwe. Moto usachuluke mpaka mtovu kufiira, chifukwa ukatentha kwambiri ndi pomwe umatulutsa utsi woopsa. Chikombole, supuni ndi mtovu woonjezera zikhale zouma ndi zofunda, ndipo thukuta lisadonthere m'chitini. Valani magalasi oteteza maso, magolovesi achikopa, malaya a manja aatali a thonje ndi nsapato zotseka, osati mapatapata. Musadye, musasute, musagwire foni ndi manja omwewo. Mukamaliza sambani ndi sopo musanamunyamule mwana, ndipo zovala zantchito zichapidwe pazokha. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire n'komwe.

Palinso funso loti kodi mtovu n'wofunikadi. Ku England anauletsa pa timiyala tating'ono tomizira zingwe mu 1987, ataona kuti mbalame za m'madzi zotchedwa swan zikufa zikameza. Ku New Hampshire, ku America komweko, majigi ang'onoang'ono a mtovu ndi oletsedwa chifukwa cha mbalame zina zodya nsomba. Jigi iliyonse yomwe chingwe chake chaduka imatsala m'nyanja, mwina pansi, mwina m'kamwa mwa nsomba, ndipo kwathu kuno yemwe amatola nsomba yofooka pamwamba pa madzi ndi nkhwazi. Kumaiko amenewo ambiri anasinthira ku tini ndi bismuth, zitsulo zomwe zimasungunuka pa moto wochepa kuposa wa mtovu, tini pa madigiri 232, bismuth pa 271, ndipo zimathiridwa m'chikombole chomwecho. Ife tili ndi njira yotchipa kuposa pamenepo: nati. Nati yaing'ono ya njinga, yolowetsedwa pa mbedza n'kumangidwa zolimba ndi waya wa kopa ndi guluu, imapanga mutu wolemera ndithu. Imafunika yokulirapo kuti imire ngati ya mtovu, ndipo imachita dzimbiri ukapanda kuipenta, koma sipafunika moto ngakhale pang'ono.

Msuweni wanga anaiseka nati ija. Anati nsomba za ku Senga Bay si zopusa. Komabe anamanga ziwiri kuti andionetse kuti ndikunama, ndipo sabata yatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: ncheni zitatu, imodzi ili ndi jigi ya nati kukamwa. Pansi pake analemba kuti, "Yamwayi chabe iyi."

Mtovu sanausiyiretu. Akuthirabe majigi akuluakulu a m'madzi akuya, koma tsopano amakachitira kutali ndi nyumba, ndi mbaula yakeyake yomwe anaipaka kyutekisi wofiira kuti isasokonekere. Mchenga wa kuseri kuja ndi wa pansi pa mango anaufosholera m'matumba n'kumanga, ndipo pamalopo anathirapo wina watsopano. Mlamu wanga ndinamuuza kuti njira yokhayo yodziwira ngati mwana ali ndi mtovu m'thupi ndi kuyeza magazi, ndipo akapita kusikelo akawafotokozere achipatala zonse mosabisa, za batire ndi za kadontho kaja. Ndinamuuzanso kuti asamusowetse usipa, nyemba ndi masamba, chifukwa mwana woperewera ayironi ndi kashiamu m'thupi amayamwa mtovu wambiri. Zakudyazi si mankhwala ochotsa womwe walowa kale, koma zimachepetsa wolowa.

Kusikelo akupita Lachinayi likubwerali, ndipo ndalama ya kabaza ndatumiza kale.