Denga lachitsulo: kutchipa kuli m'masamu, osati m'kupyapyala

Mvula yoyamba ikangogwa ndi mphepo, nkhani za pawailesi zimakhala zomwe zija: denga la sukulu lasasuka, tchalitchi chatsala pamtetete, chimanga cha m'sitolo chanyowa. Anthu amaloza chala mphepo. Koma kunena zoona, madenga ambiri amagwa tsiku lomwe mwini nyumba ndi mmisiri adagwirizana mtengo, mphepo imangodzamalizitsa.

Masiku ano mabanja ambiri m'matauni ang'onoang'ono akusiya matabwa n'kuyamba kukhoma madenga ndi zitsulo. Zifukwa zake n'zomveka. Nkhalango ya Chikangawa, yomwe idali ndi mahekitala pafupifupi 53,000, idaphwasuka ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa, ndipo thabwa labwino louma lidakwera mtengo. Kuonjezera apo, chitsulo sichidyedwa ndi chiswe. Koma zitsulo zambiri zimachokera kunja, choncho ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake udathamanga. Apa mpomwe pagona vuto: aliyense akufuna kupulumutsa ndalama, koma ambiri akupulumutsira polakwika.

Pali magulu awiri a olakwitsa. Loyamba ndi la omwe amagula chitsulo chopyapyala poti n'chotchipa. Lachiwiri ndi la amantha, omwe amaunjika zitsulo zikuluzikulu poganiza kuti kulemera ndiye kulimba. Oyambawo amataya denga, achiwiriwo amataya ndalama n'kulemetsa makoma pachabe. Onsewa aiwala chinthu chimodzi: mphamvu ya mtanda ili m'kapangidwe kake.

Njinga ya kabaza ndi mphunzitsi wabwino pankhaniyi. Mapaipi ake ndi ang'onoang'ono, amphako, koma amanyamula munthu ndi thumba la chimanga. Chinsinsi n'chakuti adalumikizidwa mwa makona atatu, ndipo chinthu cha makona atatu sichipindika wamba. Nsanja za mafoni zimaima ndi nzeru yomweyo. Mtanda wachitsulo wopangidwa bwino umakhala ndi chitsulo chimodzi pamwamba, china pansi, ndipo pakati pamadutsa tizitsulo topingasa topanga makona atatu motsatizana. Katundu akatsamira, chapamwamba chimapanikizika, chapansi chimakokeka. Pakatipo sipafunika chitsulo chambiri, n'chifukwa chake pamasiyidwa mipata.

Nzeruyi si yachilendo. James Warren wa ku Britain adalembetsa kapangidwe kotere m'chaka cha 1848, ndipo ku America mitanda yamipata yotereyi idayamba kupangidwa m'mafakitale m'ma 1920. Bungwe lawo loona za mitandayi, Steel Joist Institute, lidakhazikitsidwa mu 1928, ndipo lamulo lake limati kutalika kwa mtanda kusapitirire ka 24 kuya kwake. Ndiye kuti holo yotambalala mamita 12 imafuna mtanda wakuya masentimita osachepera 50.

Masamu awiri ndi ofunika kuti komiti iliyonse yomanga iwadziwe. Oyamba: mpata wa pakati pa chitsulo chapamwamba ndi chapansi ukawirikizidwa kawiri, mphamvu yomwe chilichonse chimalimbana nayo imatsika ndi theka. Apa ndiye pali kupulumutsa kwenikweni, chifukwa kuzamitsa mtanda kumangofuna tizitsulo topingasa totalikirapo. Achiwiri: chipinda chikatambalala kawiri, mphamvu yofuna kupinda mtanda siwirikiza kawiri koma kanayi. Mmisiri yemwe adakhoma bwino nyumba ya mamita 6 akatenga muyeso womwewo n'kukaika patchalitchi cha mamita 12, akuika miyoyo ya anthu pachiswe, ngakhale ntchito yake ikuoneka yaudongo.

Kupulumutsa kwina kuli pa pulani. Zitsulo zimagulitsidwa zotalika pafupifupi mamita 6. Wojambula nyumba akaganizira zimenezi, zodulidwa zotayika zimachepa, malo olumikiza amachepanso. Nsanamira imodzi yoikidwa pakati pa nyumba yosungiramo katundu ingathe kuchepetsa kwambiri zitsulo zofunika kudenga. Ndipo mitanda yonse ikakhala yofanana, wowotcherera amapanga chikombole chimodzi pansi, ntchito n'kuyenda msanga.

Tsono pali malo ena omwe kuumira kuli ngati kudzikumbira dzenje. Poyamba ndi pa kuchindikala kwa chitsulo. Paipi ya makona anayi ya mamilimita 40 mbali zonse imaoneka chimodzimodzi kunja, kaya khoma lake ndi mamilimita 2 kapena 1.2. Koma pasikelo, ya mamita 6 yochindikalayo imalemera makilogalamu pafupifupi 14, pomwe yopyapyalayo imangofika pafupifupi 9. Wogula wanzeru amapita ndi sikelo, monga amachitira pogula soya. Chitsulo chopyapyala chimabookanso msanga powotcherera, ndipo dzimbiri silichedwa kuchimaliza.

Pachiwiri ndi pa zomangira. Mtanda umodzi paokha umagwera cham'mbali mosavuta, choncho mitanda iyenera kugwirizanitsidwa ndi zitsulo zodutsa kuchoka pa wina kufika pa unzake. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu ndi woona ngakhale kwa zitsulo. Omanga ambiri amachotsa zomangirazi poti sizioneka ngati zikunyamula kanthu.

Pachitatu ndi pomwe denga lakumana ndi khoma. Mphepo yamkuntho sikankhira denga pansi, imaliyamwira m'mwamba, ndipo denga lachitsulo ndi malata ndi lopepuka. Zikatero chitsulo chapansi chija, chomwe chidazolowera kukokeka, chimayamba kupanikizika n'kupindika ngati sichidamangidwe. Mtanda uyenera kugwidwa ndi mabauti kapena zitsulo zozikika mu konkire wozungulira pamwamba pa khoma, osati kawaya kokulungidwa panjerwa ziwiri. Anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adaonetsa kuti nyengo yolusa si nthano ya kutali.

Pachinayi ndi penti. Chitsulo chimafuna kupalidwa ndi kupakidwa penti woteteza dzimbiri chisadakwere, makamaka powotcherera, ndipo kukamwa kwa mapaipi kutsekedwe kuti chinyezi chisalowe.

Ena anganene kuti injiniya ndi wa anthu olemera a ku Lilongwe ndi Blantyre. Dandauloli lili ndi mfundo, ndipo kanyumba ka zipinda ziwiri sikalira masamu ambiri. Thabwa louma lothiridwa mankhwala limakwanira. Koma holo, sukulu, tchalitchi kapena mzikiti, momwe mumasonkhana anthu mazanamazana, ndi nkhani ina. Malipiro a wowerengera mitanda ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa denga lonse, ndipo kawirikawiri amabwerera kudzera m'zitsulo zosafunika zomwe wachotsa pamndandanda.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Makhonsolo angathe kukonza zojambula zovomerezeka za mitanda ya mamita 6, 9 ndi 12, n'kumazipereka kwa aliyense wodzapempha chilolezo chomanga. Bungwe la TEVETA lingathe kufikira owotcherera a m'misika ndi maphunziro aafupi a kawerengedwe ka zojambulazo, pakuti luso la manja ali nalo kale. Nalo bungwe la Malawi Bureau of Standards liyenera kuonetsetsa kuti muyeso wolembedwa pa lisiti ndi womwe uli pachitsulo.

Banja lomwe lasunga ndalama za fodya kapena za geni kwa zaka zisanu siliyenera kuziona zikuuluka usiku umodzi. Lisadalipire wowotcherera, lifunse mafunso atatu: mtandawu ndi wakuya bwanji, chitsulo chake n'chochindikala bwanji, nanga wagwidwa ndi chiyani kukhoma? Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere. Paja safunsa adadya phula.