Muli ndi BP? Musamangogula mankhwala a chimfine ndi ziwengo mwachisawawa



Nyengo ya fumbi yafika. Tchire likupsa, utsi uli ponseponse, ambiri mukuyetsemula, maso akuyabwa, mphuno yatsekeka. Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi ili: "Anesi, ine ndimamwa mankhwala a BP, kodi ndingamwe Piriton?"

Maganizo anga ndi awa: nthawi zambiri vuto silikhala Piriton. Vuto ndi mankhwala osakaniza a chimfine aja timangogula pagolosale kapena pamsika, osafunsa kuti muli chiyani.

Piriton, cetirizine ndi loratadine ntchito yawo ndi kuletsa kuyabwa, kuyetsemula ndi ziwengo. Akakhala paokha, kwa anthu ambiri sakweza BP. Koma Piriton amagonetsa ndipo amachititsa chizungulire, makamaka kwa okalamba. Agogo akamwa akhoza kugwa podzuka usiku, ndipo abambo amene amavutika kale pokodza vutolo limatha kukula. Cetirizine ndi loratadine sagonetsa kwambiri.

Oopsa ndi mankhwala otsegula mphuno. Pakatoni kapena pabotolo mukaona mawu akuti pseudoephedrine kapena phenylephrine, samalani. Amenewa amatsegula mphuno pofinya timitsempha ta magazi, koma safinya m'mphuno mokha ayi, amafinya thupi lonse. Ganizirani paipi ya madzi mukaipana, madzi amatuluka mwamphamvu. N'chimodzimodzi magazi: BP imakwera, mtima umagunda mofulumira. Kwa munthu amene BP yake ili kale pa 140/90 kapena kupitirira, kumeneko n'kusewera ndi sitiroko. Mphuno yotsekeka imatseguka yokha pakapita masiku, koma dzanja ndi mwendo zikafa, banja lonse limavutika zaka.

Palinso ena awiri amene ambiri sawaganizira. Brufen ndi diclofenac amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala anu a BP komanso amavutitsa impso. Mutu ukamapweteka, Panado ndiye wabwinoko. Ena mumagula prednisolone kapena dexamethasone chifukwa amathetsa kuyabwa msanga. Amenewa mukawamwa nthawi yaitali amakweza BP ndi shuga, ndipo sayenera kumwedwa popanda dokotala kukulemberani.

Dziwaninso kuti si chifuwa chilichonse chimene chili cha fumbi. Ngati mumamwa enalapril kapena captopril ndipo mwayamba kutsokomola chifuwa chouma chosatha, mwina ndi mankhwalawo. Musasiye nokha, pitani kuchipatala akakusinthireni. Koma milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, kapena mukamabanika, musadikire kuti Piriton agwire ntchito. Thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.

Amayi oyembekezera, ili ndi lanu. Kutupa nkhope ndi manja, mutu wopweteka kwambiri, maso kuchita chidima, zimenezi si ziwengo. Ikhoza kukhala BP ya pakati, imene imaika pachiswe moyo wanu ndi wa mwana. Musadikire tsiku la sikelo, pitani lero lomwe.

Ndikudziwa kuti chipatala chili kutali ndipo kabaza amafuna ndalama, pomwe golosale ili pafupi. Sindikukunyozani. Koma wogulitsa pagolosale sadziwa BP yanu, ndipo sanaphunzire za mankhwala. N'chifukwa chake ndimati chitetezo chanu chachikulu ndi pakamwa panu. Kulikonse kumene mukulandira kapena kugula mankhwala, yambani ndi mawu akuti "ndili ndi BP", ndipo onetsani buku lanu la kuchipatala. Ngati simutha kuwerenga zapakatoni, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu musanamwe. Mapiritsi opanda katoni, ongokulungidwa papepala, asiyeni.

Pakhomo, wazani madzi musanasese, phimbani mphuno ndi chitenje popeta kapena kuchigayo, ndipo phikirani pamalo podutsa mphepo. Chofunika koposa, musadumphitse mankhwala anu a BP chifukwa choti mukumwa a chimfine. Imwani tsiku lililonse monga anakuuzirani, ndipo muzikayezetsa BP pafupipafupi.

Awerengereni uthengawu amayi anu, apongozi anu ndi agogo amene alibe foni. Khalani athanzi.