Kodi Tidikire Anthu a ku America Kuti Atiuze Kuti Paul Ngozi Ndi Wathu?

Loweruka lina masana ndinali pakhomo pa anansi mu Sizinda muno. Mnyamata wa Fomu 3 anakhala pa chigubu chamadzi, foni ili m'manja, nyimbo ikulira. Agogo ake aakazi ankasankha nyemba m'lichero, miyendo atatambasula pa mkeka. Nyimboyo inali ya Chingerezi cha ku America, yaphokoso, ya mtundu umene agogo sautchera khutu. Mwadzidzidzi munatulukira mawu a bambo wina akuyimba Chinyanja, gitala kumbuyo kwake akulira ngati macheka pa thabwa louma. Dzanja la agogo linaima m'nyemba.

"Tabwezera pamenepo, iwe," anatero.

Mnyamata anabwezera. Agogo anamvetsera mutu atapendeketsa, kenaka anaseka, n'kunena kuti bamboyo akudzudzula mlendo wamiseche, wosadziwa ulemu pakhomo pa eni. Mdzukulu anawayang'ana kukamwa kuli yasa, n'kuwafunsa m'Chindebele kuti amva bwanji. Nyimboyo anali ataimvera kosawerengeka mpaka kumaitsanzira pakamwa, koma sankadziwa kuti mawu amene ankang'ung'udzawo ndi a chilankhulo chimene agogo ake amapempherera usiku uliwonse.

Nyimboyo ndi "Noid" ya Tyler, the Creator, yomwe inatuluka mu Okutobala 2024 pa chimbale cha Chromakopia, chimene chinakafika pa nambala 1 pa ndandanda wa Billboard ku America. Mawu a Chinyanjawo ndi a Paul Ngozi, otapidwa mu "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya gulu lake la Ngozi Family ya pa chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Pakati pa zimbale ziwirizi panadutsa zaka 47, ndipo mwini mawuwo anali atagona m'manda zaka 35. Nanga zinatheka bwanji kuti mwana wa mu Sizinda, komboni imene anaimangira antchito a njanji, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amumve Paul Ngozi koyamba kudzera kwa mnyamata wa ku California? Akuluakulu ife tinali kuti?

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949, nakulira ku Chibolya, komboni ya ku Lusaka imene mpaka lero anthu amaitchula motsitsa mawu. Anayamba ndi timagulu ta anyamata a m'tauni, kenaka anakayimbako ku Nairobi ndi gulu la Musi-O-Tunya, lomwe Rikki Ililonga anali mmodzi mwa oliyambitsa. Atabwerera kwawo anakhazikitsa Ngozi Family, ng'oma zili m'manja mwa Chrissy Zebby Tembo. Dzina loti Ngozi linamumatirira chifukwa cha machitidwe ake pa nsanja: gitala ankamukhwatcha ndi mano, monga ankachitira Jimi Hendrix, ndipo phokoso lake linkanjenjemeretsa malata. Chimbale cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, n'kutsatana ndi The Ghetto, 45,000 Volts ndi zina. Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Chimene chikundikhudza ine pa moyo wa munthuyu ndi lilime lake. Anzake ambiri a nthawi imeneyo ankaganiza kuti gitala wamagetsi amamva Chingerezi chokha. Ngozi nayenso Chingerezi ankayimba, koma akafuna kulasa pamtima ankabwerera ku Chinyanja cha m'komboni, chija chosakaniza, cha pa msika ndi pa mpopi, chimene aphunzitsi a galamala amachikwinyira nkhope. Ankayimba za umphawi, za mowa, za miseche ya pakati pa nyumba zoyandikana khoma ndi khoma. Ndani mu Sizinda amene sangazindikire moyo umenewo? Ndi Chinyanja chofanana ndi chathu chino, chimene chalowerera Chindebele ndi Chishona, chimene ena a ife timachita nacho manyazi tikakumana ndi abale ochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu. Ngati chilankhulo chosakanizacho chinatha kusenza gitala wolemera choncho n'kuwoloka nyanja patapita zaka pafupifupi 50, manyazi athuwa akuchokera kuti?

Zimene zinachitika ku Zambia sizinagwe kumwamba. M'zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda mbale za galamafoni, komanso kampani ya Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, munthu wochokera kuno kwathu ku Zimbabwe, amene anatulutsa zimbale zambiri za anyamata a magitalawa. Woyimba ankadziwa kuti akajambula, wailesi imuika, ndipo wa mu mgodi akalandira pa mapeto a mwezi akagula mbale. Nanga kuno? Malamulo aakulu a dziko a 2013, mu gawo 6, amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho chili poyambirira pa ndandandawo. Wailesi ya National FM imaulutsa mapulogalamu m'Chichewa, ndipo tikuyamika. Koma mtsikana wa mu Sizinda amene wapeka nyimbo m'Chichewa lero apite nayo pakhomo liti mu Bulawayo? Ndani aijambula, ndani aiulutsa nthawi imene anthu ali maso? Kodi chilankhulo chingakhale chovomerezeka pa pepala pomwe mu situdiyo amachiuza kuti sichigulika?

Pali chifukwa chomveka chimene makolo athu ambiri sanamumvere Ngozi pa nthawi yake. Mu Januwale 1973 Ian Smith anatseka malire ndi Zambia, ndipo Kaunda anakana kuwatsegulanso mpaka mu Okutobala 1978 pamene analola katundu kudutsanso pa njanji ya kumwera. Zaka zimene Ngozi anali pa chimake n'zomwezo zimene mlatho wa Victoria Falls unali ngati khoma pakati pa abale. Amuna a mu Sizinda ankakonza njanji yopita kumpoto, koma nyimbo za kumpotoko zinkawafika movutikira. Izo n'zoona. Koma malire anatseguka kalekale. Kuyambira 1980 mpaka lero, n'chiyani chinatitsekereza?

Ndipo tisaiwale ngongole imene Bulawayo ali nayo kwa oyimba a ku Lusaka. Ana a m'makomboni athu ano amene anapita kunkhondo ya ufulu ankasungidwa m'misasa ya ku Zambia. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo mu Epulo 1979 asilikali a Smith analowa mu mzindawo n'kugwetsa nyumba imene Joshua Nkomo ankakhala. Boma la Zambia linkaletsa kuyenda usiku ndi kulamula kuzimitsa magetsi. Woyimba amadya za usiku. Mukamutsekera usiku mwamulanda khasu. Onjezani kugwa kwa mtengo wa kopa, kumene kunaphwetsa matumba a ogula mbale, kenaka mliri wa Edzi umene unasesa oyimba ambiri m'zaka za m'ma 1980, ndiye mumvetsa chifukwa chake magitala aja anakhala chete. Gawo lina la mtengo wa ufulu wathu analipira ndi anyamata amene sanagwirepo mfuti. Kodi pa zikondwerero za pa 18 Epulo munamvapo wina akuwatchula?

Amene anadzafukula nyimbozi ndi alendo. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, ndiyo inasakasaka mbale zakalezo n'kuzitulutsanso. Emmanuel "Jagari" Chanda, mtsogoleri wa gulu la WITCH la ku Kitwe, anali atasiya nsanja, akukumba miyala ya mtengo wapatali kutchire kuti apeze chakudya. Wojambula mafilimu wa ku Italy, Gio Arlotta, anamulondola, ndipo filimu yake inatuluka mu 2019. Anyamata awiri a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nic Mauskoviç, analowa m'gululo, wina pa gitala wa besi, wina pa ng'oma, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendowa agwira ntchito yabwino, yofunika kuwathokoza. Funso langa likupita kwa eni mudzi. Mnyamata wa ku Netherlands anamva chiyani m'magitala amenewa chimene ife tinalephera kumva? Anakwera ndege kudzaphunzira nyimbo zimene ife tinaziponya kuseri kwa kabati. Tinaziponyeranji?

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Zambia kokha. Bulawayo anali ndi gulu lakelake la magitala olemera, Wells Fargo, lomwe anayambitsa woyimba ng'oma Ebba Chitambo, ndipo m'gululo munali George Phiri pa gitala. Nyimbo yawo ya "Watch Out" inakwiyitsa boma la Smith chifukwa anthu ankaimva ngati chenjezo la nkhondo imene inkabwera. Ndani anasonkhanitsa nyimbo zawo n'kuzitulutsanso mu 2016? Kampani yomweyo ya ku Los Angeles. Imani pa sitolo iliyonse mu Sizinda kapena Tshabalala, mufunse achinyamata khumi za Wells Fargo. Angakuyankheni angati? Mu mzinda uno muli nyumba yosungiramo mbiri ya njanji ku Raylton, mmene injini zakale za malasha zimasamalidwa ndi kupukutidwa. Injini tazisunga. Nanga nyimbo za anthu amene ankathira malasha m'injinizo, ndi za ana awo, zili m'nyumba iti?

Ndikudziwa yankho limene ambiri angapereke, ndipo silopepuka. Makolo athu anaphunzira kubisa lilime chifukwa lilime linkawaulula. Pa chitupa panalembedwa kuti "alien", ngakhale munthu anabadwira kuno ndipo ku Malawi sanapondeko. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ambirimbiri opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, zipsera zilipobe. Mayi amene ananyozedwa pa mzere wa chitupa chifukwa cha dzina loti Banda kapena Phiri sangadzudzulidwe poyankhula ndi mwana wake Chindebele chokha. Ankamutchinjiriza. Ine sindingamuloze chala. Koma mwana uja wakula tsopano, ali ndi foni m'manja, ndipo dziko lonse likuvina mawu amene amayi ake anamubisira. Kodi tipitirize kumutchinjiriza ku chinthu chimene ena akuchilemekeza?

Umboni woti Chichewa chimagulika tili nawo kuno komwe. Nicholas Zakaria ndi gulu lake la Khiama Boys anayimba Chichewa pa nsanja za dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 kwa bambo wa ku Malawi, wakhala akuvinitsa Mshona ndi Mndebele yemwe ndi mawu a Chichewa. Onsewa anakulira m'mafamu a ku Mashonaland. Nanga Sizinda, kumene ng'oma za Gule Wamkulu zimamvekabe, kumene maliro amayimbidwa m'Chichewa mpaka mbandakucha, watulutsa mawu angati amene mzinda wonse ukuwadziwa? Luso lilipo, aliyense amene anagonapo pa siwa muno akudziwa. Chimene chikusowa ndi munthu wouza mwana kuti mawu amene amayimba pa maliro angathenso kukwera pa nsanja, gitala ali pambali pake.

Ku Lusaka kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi, ku Kabwata. N'chinthu chaching'ono, koma mwana wodutsapo angafunse kuti ameneyu anali ndani. Ife kuno tilibe ndalama zomangira zipilala, ndipo sindikupempha chipilala. Tili ndi mabungwe a maliro amene amakumana mwezi uliwonse n'kusunga mabuku a zopereka mosaphonya ngakhale senti. Tili ndi mipingo ya CCAP ndi makwaya ake. Tili ndi mafoni ojambula mawu pafupifupi pakhomo lililonse. Bungwe limene limatha kulemba dzina la membala aliyense ndi tsiku limene analipira, lingalephere kulemba mayina a amene ankayimba m'maholo ndi m'mabala a komboni ino? Kodi n'zovuta kutuma achinyamata awiri kuti akakhale pansi ndi mdala amene ankakhwatcha gitala m'ma 1970, amufunse, amujambule, iye akadali ndi mpweya? Ndipo amene akuyimba lero, ndani akuwalangiza kulembetsa nyimbo zawo ku ZIMURA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kuti tsiku limene mlendo adzabwere kudzatapa mawu awo, ana awo adzapezepo kanthu?

Loweruka lija, nyemba zitatha, agogo aja anatuma mdzukulu kuti akakoke thiranki yachitsulo pansi pa bedi. Pansi pa mabulangete ndi yunifolomu yakale ya njanji ya malemu amuna awo panali mbale za galamafoni zisanu ndi ziwiri. Ziwiri zinali zitapindika ndi kutentha, imodzi itathetheka m'mbali, ndipo mapepala apakati anali atafufutika moti mayina ankawerengeka movutikira. Galamafoni anagulitsidwa kalekale. Mnyamata anazitembenuza imodziimodzi, n'kufunsa kuti zimayimbidwa bwanji. Mathiranki otere alipo angati mu Sizinda, ndipo ndani mwa ife ali ndi galamafoni yoti tibwereke Loweruka likubwerali?