Tisabise Amene Anatiphunzitsa

Anzanga ambiri pa sukulu pano amati karate ndi masewera a ku Japan, ndipo sanama kwenikweni. Koma mbiri ya masewerawa iri ndi mbali yina imene anthu anaikwirira, ndipo ine nditi kukwirirako sikunali kwabwino. Ndidzapereka chitsanzo cha munthu mmodzi, dzina lake Kanryo Higaonna.

Munthu ameneyu anabadwa m'chaka cha 1853 ku Naha, mudzi waukulu wa pa chisumbu cha Okinawa. Masiku amenewo chisumbuchi chinali ufumu wa Ryukyu, wokhala ndi mfumu yakeyake, ndipo anthu ake anali kuchita malonda ndi China kwa zaka mazana ambiri. Japan anathetsa ufumuwo m'chaka cha 1879.

Higaonna anayamba kuphunzira kumenyana kwao komweko kwa Arakaki Seisho. Koma pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anaoloka nyanja ali mnyamata napita ku Fuzhou, m'chigawo cha Fujian ku China. Kumeneko anakhala zaka zingapo pa mapazi a mphunzitsi amene a ku Okinawa amamutcha Ryu Ryu Ko. Atabwerera kwao anaphunzitsa njira yotchedwa Naha-te, ndiko kuti dzanja la ku Naha. Tsinde la njirayi ndi Sanchin: munthu amayenda pang'onopang'ono, mapazi ataponda zolimba, thupi atalikunga, akupuma mozama. Sanchin ameneyu ndi wochokera ku Fujian. Higaonna anamwalira mu 1915, ndipo wophunzira wake Chojun Miyagi nayenso anakafika ku Fuzhou. Pambuyo pake Miyagi anatcha njirayo Goju-ryu, kutanthauza kulimba ndi kufewa, ndipo ikuphunzitsidwabe m'maiko ambiri.

Tsono tamverani za dzina. Kale mau akuti karate anali kulembedwa ndi zilembo ziwiri zotanthauza "dzanja la ku China". Mu 1936 akatswiri anasonkhana ku Naha nagwirizana kuti chilembo choyambacho chisinthe, kuti tanthauzo likhale "dzanja lopanda kanthu". Katchulidwe kanakhala komweko, koma China anachoka m'dzinamo. Nthawiyo inali ya udani: Japan anali atalanda Manchuria mu 1931, ndipo mu 1937 nkhondo yaikuru inabuka pakati pa maiko awiriwo.

Ena adzati dzina latsopanoli nloona, popeza wakarate sanyamula chida. Adzatinso a ku Okinawa anali ndi kamenyedwe kaokao kuyambira kale, ndi kuti zimene anatenga ku China anazisula mwatsopano mpaka zinakhala zao. Zonsezi ndivomera. Koma kusula khasu sikuchotsa ngongole kwa amene anakupatsa chitsulo. Kodi ulemu wa Higaonna unachepa chifukwa anaphunzira kwa mlendo? Iai ndithu! Tikumukumbukira lero chifukwa anadzichepetsa nakhala wophunzira m'dziko la eni, pakati pa anthu a chinenero china. Akadanyada nakhala pa Naha, Goju-ryu sikadakhala monga iriri. Makolo athu anaona zomwezi pamene anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Nkhaniyi itikhudza ifenso. Zambiri zimene tiphunzira m'kalasi zinachokera kutali. Ngakhale manambala amene tiwerengera masamu anayambira ku India nadzera kwa Aluya. Palibe manyazi pa kubwereka nzeru. Manyazi ali pa kubwereka, kenaka nkufufuta dzina la mwini wake. Timachita zimenezi pamene mnzathu watithandiza samu yovuta, ife nkukaima pamaso pa aphunzitsi ngati taipeza tokha. Timachitanso pamene takhoza mayeso nkuiwala aphunzitsi a ku pulayimale amene anatigwiritsa pensulo, kapena pamene tadana ndi munthu nkuyamba kukana zabwino zimene anatichitira.

Chotero, anzanga, pamene muona wina atavala malaya oyera ndi lamba wakuda, mutchule Japan ndi Okinawa, koma musaleke kutchulanso Fuzhou. Ndipo pa maphunziro athu ano, tiyeni tizolowere kunena poyera kuti, "Ichi anandiphunzitsa ndi uje." Wonena chotere sachepa, ndipo akadzabweranso kudzafunsa adzapeza khomo liri lotsegula.