Kamera imafuna lamba, osati suti

Kwathu tikakumana pa Khirisimasi, nsima ikangotha, nkhani ya ukwati wa azakhali aang'ono siilephera kutuluka. Amalume anga, omwe masiku amenewo ankapalasa njinga kuzungulira m'misika, m'matchalitchi ndi m'masukulu kujambula anthu, ndiwo adapatsidwa ntchito yojambula mwambowo. Adaigwira ndi mtima wonse, thukuta lili kamukamu. Koma filimu itabwerako kotsukitsa, zithunzi za m'tchalitchi kudalibe. Malumbiro, mphete, dalitso la abusa, zonse mdima wokhawokha. Zithunzi zidayambira pa perekaniperekani. Amalume adaiwala kuchotsa kachivindikiro kutsogolo kwa kamera, ndipo adadzazindikira atafika kale kuholo.

Wachinyamata wa lero yemwe amajambula ndi foni angadabwe kuti munthu angajambule bwanji theka la ukwati osaona kuti kutsogolo n'kotseka. Yankho lili m'mapangidwe a kamerayo. Idali Yashica Electro 35 ya ku Japan, mtundu womwe udayamba kupangidwa mu 1966, ndipo ili m'gulu la makamera otchedwa rangefinder. Pa kamera yotere wojambula sayang'anira m'lenzi, lija galasi lalikulu lakutsogolo lomwe limalowetsa kuwala. Amasuzumira pa kawindo kena kapadera pamwamba. Pakati pa kawindoko pamakhala kachigamba kowala, ndipo m'kachigambamo munthu yemwe mukumujambula amaoneka pawiri, ngati momwe amaonera mkulu yemwe wapitiriza muyezo pa kachasu. Mumapotoza lenzi pang'onopang'ono mpaka awiriwo asanduke mmodzi, apo ndiye kuti chithunzi chituluka chooneka bwino. Tsono poti kawindo ndi lenzi n'zosiyana, lenzi ikhoza kukhala yotseka inu n'kumaona zonse bwinobwino, n'kumauza anthu kuti amwetulire.

Ndakumbutsa nkhaniyi chifukwa makamera amtunduwu abwereranso m'fashoni ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ndipo pambali pake pamera msika waukulu wa tizipangizo towaveka. Mkhalakale pa makamera amenewa ndi Leica ya ku Germany. Kampaniyi idaika chipangizo choyezera mtunda chija m'kamera yake ya Leica II mu 1932, kenaka mu 1954 idatulutsa M3 mumzinda wa Wetzlar, kamera yomwe zidzukulu zake zikupangidwabe mpaka lero, zina za filimu, zina za dijito. Yatsopano imagulidwa ndalama zoti munthu kuno angagulire galimoto, choncho eni ake amaisamala ngati dzira.

Mukalowa pa intaneti mungaseke. Pali tizikopa tosokedwa pamanja tovala kamera kuyambira pansi kulekeza m'chiuno. Pali timabatani tamtengo kapena tamkuwa tomangira pamwamba pa batani lojambulira, ati kuti chala chizitera pofewa. Pali kachitsulo kotsamirapo chala chachikulu komwe amakalowetsa pamalo oika fulashi, malamba a ulusi wa silika, ngakhale tizidindo takuda tomata pa kadontho kofiira komwe ndi chizindikiro cha kampaniyo. Mu 2004 a Leica enieniwo adayamba dongosolo loti wogula azisankha yekha mtundu wa chikopa komanso kulembetsa dzina lake pa kamera, ngati momwe mayi amasankhira sitayilo kwa telala.

Ine maganizo anga ndi akuti mwa zonsezi, zofunikadi sizikwana zala za dzanja limodzi, ndipo zofunikazo ndiye zotsika mtengo. Zinazo ndi suti yoveka khasu. Ndikunena izi kwa inu omwe m'sutikesi ya malemu bambo kapena agogo omwe adagwirako ntchito ku Joni muli kamera yakale, ndipo mwana wanu wayamba kuifunsa. Musanagule kanthu kalikonse, dziwani chomwe chimapha kamera yotere.

Choyamba ndi kugwa. Kuti zithunzi ziwiri zija zikumane, mkati mwa kamera muli tigalasi ting'onoting'ono ndi kamkono kachitsulo komwe kamasuntha lenzi ikamapotozedwa. Kamera ikagwa, kapena ikamenyetsedwa ku chitsulo cha mpando wa minibasi, tizinthuti timasuntha pang'ono chabe, moti ndi maso simungaone. Kuipa kwake n'kwakuti kamerayo imayamba kukunamizani. Pa kawindo awiri aja akumana bwinobwino, koma chithunzi chikatuluka, mkwatibwi ali mbuu, mtengo wa mango kumbuyo kwake ndiye ukuoneka tsamba lililonse. Amisiri odziwa kubwezeretsa zimenezi ndi ochepa padziko lonse, ndiye kuno musachite kufunsa. N'chifukwa chake lamba ndiye chipangizo chachikulu kuposa zonse. Silifunika kukhala la silika. Lachikopa lolimba lomwe wosoka nsapato pamsika angakusokereni likwanira, bola muziyang'ana kawirikawiri timphete tachitsulo tolumikiza lambalo ku kamera, chifukwa ndi pamene pamayambira ngozi. Lizikhala m'khosi kapena lokulungidwa pamkono, osati kulendewera m'mphepete mwa tebulo pomwe mwana wokwawa angalikoke.

Chachiwiri ndi kachivindikiro komwe kadachititsa manyazi amalume. Musakataye chifukwa cha nkhani yawoyo. Makamera monga Leica, komanso Zorki ndi FED omwe ankapangidwa ku Soviet Union motengera Leica, ali ndi kansalu kakuda mkati komwe kamatsegula ndi kutseka kuti kuwala kufike pa filimu. Mukukumbukira tili ana tinkayatsa pepala ndi galasi lokulitsira zinthu padzuwa? Lenzi imachita chimodzimodzi. Mukasiya kamera yotere chagada pa dzuwa la mu Okutobala yopanda chivindikiro, kansalu kaja kamabooka, ndipo kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chimatuluka ndi banga loyera. Yashica ngati ya amalume ilibe vutoli chifukwa chotsekera chake n'chachitsulo ndipo chili m'lenzi momwemo, komabe chivindikiro chimaiteteza ku fumbi ndi zala za ana.

Fumbi lenilenilo ndi mdani wina. Lenzi ikachita fumbi, ambiri timathamangira kuipukuta ndi nsonga ya malaya, osadziwa kuti tikuikwecha ndi mchenga. Apa ndi pomwe kagalasi koyera komangira kutsogolo, komwe ojambula amati filter, kamathandiza. Kakakalika mumangosintha, lenzi ili bwinobwino kumbuyo. Alipo akatswiri omwe amakana kagalasika ponena kuti kamachepetsa kukongola kwa chithunzi. Mwina ku London, komwe misewu yonse n'njatala, angatsutsane mpaka kuche, koma wojambula mpira pabwalo lafumbi alibe nthawi ya mtsutso umenewo. Ndipotu a Leica okha adaphunzira mowawa kuti kagalasi kakhoza kupulumutsa kamera. Mu 2006 adatulutsa M8, kamera yawo yoyamba ya dijito pa mtundu umenewu, anthu n'kupeza kuti nsalu zina zakuda zikutuluka zofiirira chifukwa kamerayo inkalandira kuwala kwina komwe maso athu saona. Kampaniyo idakakamizika kugawira ogula tigalasi tapadera totchinga kuwalako. Tangoganizani mkwati wabwereka suti yakuda, pachithunzi n'kutuluka atavala yofiirira.

Palinso kachipewa ka lenzi kotchinga dzuwa lochokera m'mbali. Pa rangefinder kachipewaka kamayenera kukhala kobooka m'mbali, apo ayi kamatchinga ngodya imodzi ya kawindo kosuzumira kaja. Ngati kalipo, kagwiritseni ntchito, chifukwa kamera ikagunda khoma, kamayamba kupindika ndi iko.

Tsono tifike pa suti ija, chikwama chachikopa chomwe makamera ambiri akale adabwera nacho. Ambiri timaganiza kuti kamera ikakhala m'chikwama chake, chikwamacho m'sutikesi, sutikesiyo pansi pa bedi, ndiye kuti tasamala. Zoona zake n'zakuti tayiika m'manda. Chikopa chimayamwa chinyezi. M'nyengo ya dzinja, lamba wa thalauzi ndi nsapato zosavalidwa zimachita nguwi, nanga chikwama cha kamera chingapulumuke bwanji? Nguwiyo imalowa m'lenzi, n'kuyamba kuyanga ngati ulusi wa kangaude pakati pa magalasi, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wopyapyala womwe adapaka pa galasilo, osachokanso. Ndaonapo kamera yomwe kunja idali ngati yangotuluka m'sitolo, chikwama chili phuliphuli ndi polishi, koma titaunika lenzi ndi tochi tidangopukusa mitu. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chikwama n'chapaulendo. Mukafika pakhomo ivuleni kamera, muiike pouma, podutsa mphepo ndi kuwala, kapena m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti anthu omwe adatchukitsa makamera ang'onoang'onowa ankafuna kuti kamera isaoneke n'komwe. Henri Cartier-Bresson wa ku France, mmodzi mwa omwe adayambitsa bungwe la ojambula la Magnum mu 1947, ankadetsa mbali zonyezimira za Leica yake kuti anthu mumsewu asazindikire kuti akujambulidwa. Kufupi kuno, Peter Magubane wa ku South Africa, yemwe ankajambulira magazini ya Drum nthawi ya tsankho, ankakolowola mkati mwa buledi n'kubisamo kamera yake yaing'ono. Apolisi ankaona ngati mnyamata akudya, iye akujambula. Nthawi zina ankaibisa m'Baibulo lobooledwa mkati. Ntchitoyi idamulowetsa m'ndende, koma zithunzi zake zidaonetsa dziko lonse zomwe boma la azungu linkabisa. Magubane adamwalira pa 1 Januwale 2024. Ngati pali chikwama cha kamera chomwe chidagwira ntchito yaikulu mu Africa muno, ndi buledi ameneyo.

Yerekezani ndi zomwe zidachitika mu 2015. A Leica, mogwirizana ndi woimba wa ku America Lenny Kravitz, adatulutsa makamera 125 okha otchedwa Correspondent. Makamerawa adali atsopano, koma amisiri adachita kuwakwecha dala m'makona kuti utoto wakuda uchoke, mkuwa wamkati uonekere, ngati kuti adayenda zaka zambiri m'manja mwa mtolankhani. Ndipo anthu adagula pamtengo wokwera kuposa wa kamera yosakwechedwa. Apatu zinthu zatembenuka. Wina akuveka kamera chikopa kuti isakalike, mnzake akulipira kuti amukalire isanafike m'manja mwake. Onse awiri akuganizira za maonekedwe a kamera, palibe akukamba za chithunzi. Mapeto a njira imeneyi tidawaona mu Juni 2022, pomwe Leica imodzi ya mu 1923, yomwe idali ya Oskar Barnack, mmisiri yemwe adayambitsa makamerawa, idagulidwa pa okushoni ku Wetzlar ndi mayuro 14.4 miliyoni. Ndikukayika ngati kamera imeneyo idzajambulenso ukwati wa munthu.

Wina anena kuti: "Akulu, ndalama n'zake, kamera n'njake, vuto lanu n'chiyani?" Ndikuvomera. Kukongoletsa chinthu chomwe umachikonda si tchimo. Anyamata a kabaza amaveka njinga zawo mipando yofewa ya mphonje, magalasi awiriawiri ndi mabelu, ndipo ine ndimasankha yokongolayo ndikafuna kukwera. Ndivomerezenso kuti kachitsulo kotsamira chala kaja kali ndi ntchito. Pa makamera a filimu chala chachikulu chinkapumira pa kamkono kokokera filimu, a dijito alibe kamkonoko, ndiye kamera imaterera m'manja. A Leica adazindikira zimenezi moti pa M10-D ya mu 2018 adabwezeretsa kamkono kooneka ngati kakale kaja koma ntchito yake n'kutsamirapo chala basi. Koma wakabaza wanzeru amayamba wathira oilo m'tcheni ndi kuona mabuleki, mphonje zimabwera pambuyo. Chomwe ndikudandaula ndi mwana yemwe waona pa Facebook kamera zovala zikopa zofiira, n'kutumiza ndalama za fizi kunja kuti agule kabatani kamtengo, pomwe kamera ya agogo ake ikuola mkati.

Ndipo kuola ndikunenaku n'kwenikweni. Mukatsegula chitseko cha kumbuyo kwa Yashica kapena Canonet ya kampani ya Canon, muona timizere ta siponji yakuda m'mphepete. Ntchito yake n'kutchinga kuwala kuti kusalowe. Pakapita zaka siponjiyo imasungunuka n'kukhala ngati phula, kuwala n'kumalowa, zithunzi n'kumatuluka ndi mizere yofiira. Mankhwala ake n'kupala phulalo ndi kamtengo n'kumatamo kansalu kakuda kokhuthala kapena ulusi wakuda wolukira majuzi. Ndi ntchito ya Loweruka limodzi masana. Nkhani ina ndi ya mabatire. Makamera ambiri a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankagwiritsa ntchito mabatire a mercury omwe adaletsedwa chifukwa cha poizoni wake. Pa Canonet anthu amaikamo timabatire ta makina othandiza kumva, poti mphamvu yake ikufanana ndi ya akalewo. Pa Yashica Electro 35 pamafunika kachipangizo kotalikitsa batire laling'ono la mavoti 6 kuti likwane m'malo mwa lakale. Ngati pali choyenera kuitanitsa kwa m'bale wanu wa ku Johannesburg, ndi chimenecho. Ndipo ngati mu kamera ya m'sutikesiyo mudatsalira batire lakale, lichotseni lero lomwe, mwina ladontha kale.

Amalume adapuma pantchito mafoni atalanda msika wawo, ndipo Yashica ija adandipatsa ine. Makona ake ndi okalika, osati ndi amisiri a ku Germany koma ndi keriyala ya njinga. Lamba lake adasoka ndi wosoka nsapato, ndipo adabwerezanso kawiri. Pa kachivindikiro pali kabowo komwe adaboola ndi msomali wamoto sabata yotsatira ukwati uja, n'kumangapo kachingwe kofiira kothera ku lamba. Ankati chingwecho chikamalendewera n'kumawamenya padzanja, ankadziwa kuti lenzi ili yotsegula. Azakhali sadawakhululukire kwenikweni, koma ana awo onse anayi adajambulidwa pa ubatizo ndi kamera yomweyo, ndipo zithunzizo zidakali pakhoma.