Lekani Kunamizila Mashini

Mwezi watha n'napita kukatenga ma T-shirt a kitchen party ya mlongosi wanga pa shopu ina m'tauni. Sinidzaichula dzina, cifukwa si iyo yokha imene icita zimenezi. Dzina la mkwatibwi linalipo pacifuwa, koma m'mbali mwa zilembo munali monga mwadyewa na makoswe. Cilembo O cinali na makona. Kamtima kamene anaika pamwamba pa i kanaoneka monga kambatata. N'tafunsa, mnyamata wa pa shopu anayankha alibe na manyazi: "Bakamba, ni mashini. Za ku China ni mmene zidulila."

Cinanibaba maningi. Ine nimadula vinyl kunyumba, pa kathebulo ka m'cipinda cogona, ndipo mashini yanga nayonso ni ya ku China. Ya pa shopu ija siinalakwe ciliconse. Inadula ndendende zimene anaipatsa. Anaipatsa mzela wauve, nayo inabweza zilembo zauve.

Mashini yodula, kaya ni Cricut, Silhouette Cameo kapena plotter ikulu ya ma sticker a minibasi, siiona cithunzi monga mmene inu mucionela. Imatsatila cabe njila imene mwailembela. Koma cithunzi ca mu foni cilibe njila. Ni tumadontho tambili-mbili twa mitundu, tumene timati ma pixel. Mukadina Trace, pulogilamu imayamba kungoganizila pamene mdima wathela na pamene kuwala kwayambila, n'kulemba mzela pamenepo. Ngati malile ali oonekela bwino, imalasa. Ngati ali osokonezeka, imalondola cisokonezo conse mokhulupilika, osasiyako.

Manje ganizilani logo imene kasitoma amakutumilani. Munthu wina anaijambula pa banner ya chechi, anaiika pa status, wina anacita screenshot, anaitumiza mu gulupu, kasitoma wanu naye anacitanso screenshot. JPEG imacepetsa cithunzi mwa kucigawa m'tumabokosi twa ma pixel 8 kwa 8 na kutayako zina, ndipo pamene pamaonongeka kwambili ni m'mbali mwa zilembo, pamene pakuda pakumana na poyela. WhatsApp nayo imafinya cithunzi ciliconse cimene mwatumiza monga photo. Pofika kwa inu, m'mbali mwa cilembo ciliconse muli fumbi limene simuliona pa foni. Trace imaliona lonse.

Yesani lelo. Tengani logo imene munacita trace dzulo, itseguleni, onetsani ma node, tumfundo tumene tugwila mzela. Circle yoyela ifunika ma node 4 cabe. Yanu mudzaipeza na tumfundo twambili monga nyelele pa shuga. Ndipo apa ndiye pagona vuto, cifukwa kampeni ka mashini sikayenda monga bolopeni. Kamakokewa, ndipo kamazungulila kokha monga wilo ya trolley ya mu Shoprite. Nsonga yake imatsalila kumbuyo pang'ono, nthawi zambili 0.25 mm pa kampeni ka madigili 45. Pa kona iliyonse kafunika mpata wotembenuka. Mukakapatsa makona mahandiledi pa cilembo cimodzi, kamanjenjemela, kamang'amba vinyl, kamasiya tuminga. Tuminga tumeneto ndito tuyamba kumatuka T-shirt ikangowashiwa.

Cimene cinikwiyitsa si kusadziwa. Tonse tinayamba tisadziwa. Cinikwiyitsa ni cakuti tapanga batani imodzi kukhala luso. Munthu adya cilimba, agula mashini, aphunzila pamene pali Trace, mawa pa Facebook alemba kuti ni designer. Nchito ikatuluka yoipa, mlandu ni wa mashini, wa vinyl, wa kampeni, wa China. Amasintha kampeni, amaonjezela mphamvu yodulila mpaka aboola na pepala ya pansi, koma kutsegula failo kuti aone mzela wake, iyai.

Nidziwa zimene mudzakamba. Kasitoma afuna lelo. Malaiti apita nthawi iliyonse, ufunika kudula akalipo. Ndalama imene anthu alipila pa T-shirt imodzi ni yocepa, kulibe wolipila nthawi yokhala pa kompyuta. Zonse ni zoona, nazipitamo. Koma welengani nthawi bwino. Trace yauve imakupulumutsani mphindi zocepa pa kompyuta, n'kukudyelani usiku wonse pa weeding, pamene musomola zotsala na kasingano, tuzidutswa tukudukila m'manja. Ngati ma T-shirt ni 30, vuto imodzi-modziyo muivutika ka 30. Mzela mumaukonza kamodzi. Komanso mashini imacedwa pa mzela wa ma node ambili, ndiye ngati muthamangitsana na malaiti, mzela woyela ndiwo ukuthandizani. Ndipo kwaya ija ikabwela caka camawa kufuna ma T-shirt ena, failo ili kale mu laptop.

Zilembo musazicite trace. Olo pang'ono. Funani font yake, lembani mau cipya. Mawebusaiti monga WhatTheFont amathandiza kuizindikila kucokela pa cithunzi, ndipo ngati yeni-yeniyo siipezeka, yofanana nayo imene ili yoyela ipambana yeni-yeni yodyewa na makoswe. Ngati ni font yolumikiza zilembo, monga zija akonda pa vikwati, zigwilizanitseni zikhale cinthu cimodzi musanadule. Mu Inkscape ni Union, mu Silhouette Studio na Cricut Design Space ni Weld. Mukaiwala, mashini idzadula pamene cilembo cina calowa mu cinzake.

Logo yeni-yeniyo ilembeni na dzanja. Ikani cithunzi pansi, tengani pen tool, londolani pamwamba. Node imodzi pa kona, imodzi pamene mzela wafika pamapeto pokhota, capwa. Masiku oyamba dzanja imakana, mizela imapita kumene ifuna. Pakapita wiki mudzadabwa. Mizela yokhota imeneyi imachedwa na dzina la Pierre Bézier, injiniya wa ku Renault, amene anali kuiseŵenzetsa m'ma 1960 popanga maonekedwe a mamotoka. Ngati inakwanitsa bodi ya motoka, siingakangiwe kamtima ka pa kitchen party. Ndipo musakambe za ndalama ya pulogilamu. Inkscape ni yaulele kucokela pamene inayamba mu 2003, ndipo ikayikiwa mu laptop siifuna bando.

Sinikamba kuti Trace ni ya Satana. Ili na malo ake. Trace Bitmap ya mu Inkscape imayendela Potrace, pulogilamu imene Peter Selinger anayamba kulemba mu 2001, ndipo inapangidwila zithunzi za mitundu iwili, yakuda na yoyela. Ipatseni zimenezo, idzakukondweletsani. Mwana wa neba wanga amajambula na marker yakuda pa pepala yoyela. Nimajambula pepalayo pa kuwala kwabwino, foni ili molunjika pamwamba, nicotsa mitundu, niwonjezela contrast, ndiye nicita trace. Nisintha threshold pang'ono-pang'ono mpaka tumadontho tutatha koma mizela yopyapyala isanaduke. Pambuyo pake nicotsa cithunzi ca pansi, niyang'ana mzela wokha, nidina Ctrl+L kamodzi kuti ma node acepe. Kamodzi cabe, kapena kawili. Mukapitiliza, makona onse amasanduka ozungulila ndipo nyenyezi imakhala duwa. Samalaninso na mizela yopyapyala: trace imalemba mbali zonse ziwili za mzela, ndiye mashini imadula kawili pafupi-pafupi, n'kutsala kaulusi kamene sikangamatike pa nsalu. Ndipo musanaike vinyl yodula mtengo, dulani kocepa pa kacidutswa kotsala.

Naimwe makasitoma muli na mlandu wanu. Lekani kutumiza screenshot. Amene anapanga logo ya chechi yanu kapena ya timu yanu ya bola ali na failo yeni-yeni, ya SVG, ya PDF kapena ya CorelDRAW. Ipempheni, itumizeni pa WhatsApp monga document kuti isafinyiwe. Kusintha dzina la failo kucoka ku .jpg kupita ku .svg sikuisandutsa vector, olo munthu akuuzeni motsimikiza bwanji. Ngati failo inasowa, wodula akakuuzani kuti kulemba logo cipya kuli na mtengo wake, lipilani. Uyo ndiye adziwa nchito. Amene avomela screenshot iliyonse na kumwetulila ndiye wofunika kumuopa.

Ma T-shirt aja sin'nawatenge. N'nabwelela kunyumba, n'nalemba dzina la mkwatibwi cipya, kamtima n'nakapanga na ma node ocepa owelengeka na zala. M'mawa n'napita na flash pa shopu ija, n'napempha mnyamata uja adule pa mashini imodzi-modziyo, na kampeni kamodzi-modziko. Zotsala zinasomoka zonse pamodzi monga khoko la nthoci. Iye anayang'ana zilembo, anayang'ana mashini, ndiye anati: "Lelo yauka bwino."